Kamera ya Kuseri kwa Mabelo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa maliro ku Manja. Kosi ya zamagetsi ndinali nditamaliza kalekale, koma kulikonse ankangoti atsikana sitilemba. Pa malirowo chokuzira mawu cha kwaya chinazima, ine n'kuchoka pakati pa amayi, kumanga chitenje bwino, n'kulumikiza waya amene anaduka. Bambo wina, a Chikopa, amene anali ndi kakampani koika makamera a chitetezo, anandiitana pambali. "Makwerero umawaopa?" Ndinati ayi. Lolemba ndinali m'galimoto yawo.

Masitolo ambiri a mu Limbe anali ndi makamera akale, aja a waya wa koakisi wothera m'bokosi lojambulira lomwe linkangodya fumbi mu ofesi. Eni ake sankafuna kuwataya. Ndiye ife tinkadula nsonga ya waya, kuisenda, kuvekapo kamutu ka BNC katsopano, kufinya ndi pulayala yake yotchedwa kirimpa, n'kulowetsa mu enkoda. Enkoda ndi kabokosi kamene kamasintha chithunzi cha kamera yakale kuti chiyende pa netiweki. Kuchoka apo waya amapita pa swichi, swichi pa rauta, basi chithunzi chafika pa foni ya aliyense wodziwa pasiwedi. Pulogalamu yake inali yochenjera zedi. Ukalemba mzere pa sikirini, munthu akaudutsa foni imalira. Wina akaphimba kamera kapena kuitembenuza, imaliranso.

A Chikopa anali aukali koma ntchito ankaidziwa. Ankati, "Kamutu kakagwedera chithunzi chimavina, ndiye kasitomala amadzavinira pa ine." Ndinkawakonda, ndipo ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wonse. Kunyumba anali atasiya kundifunsa za banja.

Tsiku lovuta linandipeza pa holoselo ina yogulitsa mabelo a kaunjika. Titalumikiza zonse, makamera anaonetsa bwino, koma imodzi ya mu sitolo ya kuseri inkangoonetsa malata a denga. A Chikopa anati ndikaiwongole. Ndinakwera makwerero, kumasula sikuluu, kuitembenuza, n'kuyang'ana pa kasikirini koyesera kamene ndinakoleka m'khosi. Ndinaona kangodya kuseri kwa mabelo, misomali pa khoma, madiresi ndi zitenje zili lendelende.

Mayi wina wantchito, mayi Dinala, anaima pansi pa makwerero tsache lili m'manja. "Achemwali, imeneyo tinaikankha ndife ndi tsache ili. Apa ndi pamene timavulira tikamavala yunifolomu."

Kale kamerayo inkajambulira m'bokosi limene palibe ankalitsegula, komabe amayiwa anadziteteza. Tsopano chithunzi chikanafika pa foni ya manijala, ya mwini wake, ya ana ake, mwinanso ya anzawo kumowa. Ndipo tsache silikanathandizanso, chifukwa belu lolira kamera ikakhudzidwa ndinali nditalitchera ndekha m'mawa womwewo.

Ndinatsika n'kuwauza a Chikopa kuti tiisamutsire pa khomo la sitoloyo, popeza katundu wobedwa amatulukira pakhomo. Manijala, bambo wa ku Kanjedza amene ankatilondola paliponse, anakana. "Zovala zimasowera kuseri komweko. Amavala ziwiriziwiri mkati. Ndikufuna ndizionapo."

A Chikopa anati ndiphimbe kangodyako ndi kabokosi kakuda mu pulogalamu, nkhani ithe. Ndinawafunsa kuti kabokosiko ndani sangakachotse ali ndi pasiwedi. Iwo ankadziwa, ndiwo anandiphunzitsa. Anayang'ana kumbali.

"Iwe, kwera umange kamera. Sitinabwere kudzalalikira."

"Bwana, imeneyo ine sindimanga."

"Ndiye ika kirimpa yanga pansi, uzipita."

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Koma mkwiyo unaposa. Ndinaika kirimpa pa belo, n'kutembenukira kwa amayi amene anali atasiya kusankha zovala. Ndinalankhula mokweza kuti manijala amve bwino. "Amayi, kuyambira lero kamera iyi izionekera pa mafoni a abambo. Mukaikhudza idzalira. Apa musavulirenso."

Kenako mayi Dinala anayamba kuchotsa madiresi pa misomali, limodzilimodzi, anzawo n'kuwathandiza. Manijala anatukwana. A Chikopa anakwera okha makwerero aja, ine ndikutuluka. Ndinakwera minibasi ya ku Manja ndili ndi ovolosi, ndikulira, kondakitala n'kumandifunsa ngati kwagwa zovuta.

A Chikopa sanandiitanenso. Ndinakhala miyezi yambiri ndikukonza maayironi ndi mawayilesi pakhonde, anthu akundinena kuti ndinataya ntchito chifukwa cha matama. Anene. Mayi anga okha ndi amene anati, "Ukanamanga, ukanadya ndi manja ati?"

Lero ndimaika makamera pandekha, kuyambira ku Chirimba mpaka ku Bangwe. Ndisanakhudze waya aliyense, ndimakaima pamene kamera ikuyang'ana, n'kufunsa antchito, osati bwana, kuti pamalopo pamachitika chiyani. Makasitomala ena zimawanyansa ndipo amakaitana wina. Apite. Waya ndimalumikiza aliyense, wakale kaya watsopano, koma wopita pamene mzimayi akuvula akamupeze wina womulumikiza.