Bulu Wakufa Amene Anakweza Haji Padenga

Lalla Batoul ndi mayi wamfupi, woti akaima kuseri kwa mtsuko mumayamba kufunsana kuti walowera kuti. Koma mkwiyo wake ndi wautali, umakafika ku Rabat n'kubwerako usanazizire. Amayi ena kuno ku Moroko amasunga mandimu mumchere kuti adzaphikire nkhuku chaka chamawa. Iye amasunga zakukhosi. Amazithira mchere, n'kutseka botolo, ndipo tsiku limene adzatsegule, wolakwayo amakhala ataiwala kalekale, akuyenda m'tauni akutokosa m'mano.

Ntchito yake ndi yopaka akwatibwi hina, utoto wofiira uja wokongoletsera khungu. Mkazi aliyense wa m'tauni yathu yakaleyi amene anakwatiwapo, manja ndi mapazi ake anajambulidwa maluwa ndi Batoul. Dzanja lake silinjenjemera. Akuti tsiku lina kunachita chivomezi, makoma anang'aluka, amphaka anaphunzira kupemphera, koma mzere umene ankajambula pachala cha mkwatibwi unatuluka wowongoka ngati ulusi wa mmisiri.

Ntchito imeneyi imagwiridwira padenga. Nyumba zathu n'zogundana, madenga ake athyathyathya, olekanitsidwa ndi timakoma tolekeza m'chiuno. Pansi, m'tinjira, ndi mwa amuna. Pamwamba ndi pa akazi. Kumeneko ndi kumene amavula mipango, kupesa tsitsi, kuyanika zamkati ndi kusenda anthu amoyo ndi pakamwa. Mwamuna sakwerako. Ngakhale wokonza mbale ya kanema amayamba watumiza uthenga, kenako amakwera masitepe akutsokomola ngati wa chifuwa chachikulu mpaka akazi onse atatsika. Batoul amatha kuchoka kuchipata chakum'mawa kukafika chakumadzulo osaponda dothi, akungodumpha timakoma ndi kambale kake ka hina.

Mwamuna wake, Si Mbarek, ndi munthu wofatsa woti ntchentche ikamutera pamphuno amadikira ithane nazo zake. Ankatola zinyalala ndi bulu wa khonsolo, poti m'tinjira tathu galimoto silowa, ngakhale munthu wonenepa amalowa chammbali. Buluyo dzina lake anali Mesaoud. Ankagwirizana kwambiri awiriwa, moti Batoul ankati, "M'nyumba muno ine ndine mkazi wachiwiri. Wamkulu ali kukhola."

Ndiye Haji Allal anasankhidwa kukhala wapampando wa khonsolo. Kuyambira pamenepo barele wa abulu a khonsolo anayamba kuchepa, pamene mahatchi a Haji ananenepa mpaka ankakanirira pakhomo la khola. Mesaoud anaonda mpaka mphepo inkaimba likhweru m'nthiti mwake. Mbarek ankamugawira mkate wake womwe, koma bulu sakhuta mkate wa mmphawi. M'mawa wina nyamayo inangoti khu pakhomo pa mzikiti, madengu a zinyalala ali kumsana, osadzukanso.

Haji anaima pamsonkhano, dzanja pachifuwa, maso kumwamba. "Abale anga, mtima ukundipweteka. Barele timapereka wokwanira. Koma munthu amene timamudalira uja ankagulitsa."

Mbarek anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Ntchito si kanthu, dzina ndiye linapita. Akamadutsa, anthu ankalira ngati bulu kumbuyo kwake. Kumalo omwera tiyi, kumene mpando wake unali utatengera kale maonekedwe a matako ake, wina anamufunsa ngati akufuna shuga kapena barele. Mbarek anabwerera kunyumba, anakhala pansi moyang'ana khoma, ndipo sanatulukenso.

Batoul sanalire. Anatenga botolo lalikulu kuposa onse.

Anali ndi foni imene mng'ono wake anamutumizira kuchokera ku Spain. Anatsegula tsamba pa Fesibuku, dzina lake Bulu Wakufa wa Khonsolo, ndipo analemba kuti: "Moni kuchokera kumanda. Kuno n'kwabwino, kulibe khonsolo. Ndangotsala ndi funso limodzi: barele wanga anadya ndani?" Pansi pake anaikapo chithunzi cha bwalo la nyumba ya Haji, matumba okhala ndi chidindo cha khonsolo atasanjikizana, hatchi itapisamo mutu.

Tauni inatekeseka. Akulu akulu amene ankati foni ndi ya Satana anayamba kubwereka magalasi. Bulu ankalira sabata iliyonse, ndipo sankalira za barele zokha. Anafunsa chifukwa chake nyale za mumsewu zinali kuwala kumunda kwa Haji, kuunikira mitengo ya maolivi yosadziwa n'kuwerenga komwe. Anafunsa za simenti ya ngalande imene inasanduka chipinda cha alendo. Nthawi zonse panali chithunzi, chooneka bwino ngati wojambulayo anapachikika pamtambo.

Kumalo omwera tiyi amuna ankatsutsana mpaka kugubuduza matambula.

"Ndi mphunzitsi uja. Amayenda ngati munthu wodziwa zinthu."

"Iyayi, ndi wometa. Pakamwa paja sipatsekeka ngakhale ali mtulo."

"Inu, amenewa ndi akunja. Ali ndi makina kumwamba."

Palibe anaganizako za denga. Mwamuna wa kwathu akhoza kuganiza za makina a kumwamba, za ziwanda, za bulu woukadi kwa akufa, koma osati za mkazi wake amene akuyanika zovala pamwamba pa mutu wake. Akazi onse ankadziwa. Ngakhale Lalla Ghita, mkazi wa Haji, amene anali atamva mphekesera zoti bambo akufuna kutenga wachiwiri, ankati akaona Batoul akudumpha kakhoma, amasuntha nsalu zake pachingwe kuti zisatchinge bwalo.

Kunyumba, Mbarek anatembenuka kusiya khoma. "Mkazi wanga, tawerenganso paja akuti kumanda kulibe khonsolo." Batoul ankawerenga, iye n'kumaseka mpaka misozi. "Ndinkakuuza ine kuti Mesaoud anali ndi nzeru kuposa achimwene ako onse."

"Musiye achimwene anga, bambo inu. Imwani tiyi."

Koma Haji sankaseka. Anapita kupolisi, nati munthu wobisa dzina akunyoza boma. Apolisi analanda foni ya mphunzitsi, ya wometa, ya wina aliyense wooneka ngati amaganiza. Pamapeto anabwera kudzatenga Mbarek. Atamuuza kuti atulutse foni, anatulutsa kachinthu kamabatani komangidwa ndi mphira, koti kuti kalire umayenera kukagogoda pabondo. Wapolisi anakayang'ana, anayang'ana Mbarek, n'kumuuza kuti azipita asanamumvere chisoni n'kumugulira ina.

Panja anapeza Haji akumudikira, akusewera ndi mikanda yake yopempherera.

"Si Mbarek, mwana wa anthu. Sindisamala kuti akulemba ndani. Bulu anali wako. Akangoliranso kamodzi, iwe ukagona kundende, ndipo mboni ndili nazo kale, zinadya kale mbale ya kusikusi kwathu."

Mbarek anafika kunyumba n'kukhala pamkeka. "Munthu wolemba za buluyu ndikanamudziwa," anatero, "ndikanamupsompsona pamphumi, kenako n'kumugwadira kuti asiye. Ine ndende sindingaithe, Batoul. Dzina linapita kale, lisiyeni."

Batoul anangoti, "Mwamva njala?" Koma mpeni umene ankadulira anyezi unalowa m'thabwa mpaka anachita kuuzula ndi manja awiri.

Bulu anakhala chete. Anthu anati wafa kachiwiri. Haji anayambanso kuyenda mimba patsogolo, akupereka moni ndi zala ziwiri. Batoul ankangopaka hina n'kumadikira, mpaka unafika ukwati wa mwana wamkazi wa Si Bouazza wogulitsa nyama. Bouazza ameneyu nyumba yake inagundana ndi ya Haji, ndipo ali ndi ana aamuna aakulu ngati zitseko za mzikiti, oti akamayenda limodzi kanjira kamada. Pachisankho, mtundu wake ndiwo unanyamula Haji.

M'mawa wa tsiku la hina, Batoul anatenga foni. Ankadziwa kuti zikalephereka, Mbarek wake akadya nyemba za kundende dzuwa lisanalowe. Anamuyang'ana ali gone pamkeka, munthu woti sanabepo ngakhale khoko la lalanje. Ndiye analemba: "A Haji, mwandifunafuna pansi mpaka nsapato zatha. Bulu wakufa sakhala pansi. Lero likangotha pemphero la masana ndidzakhala pamwamba panu, ndikujambula mahatchi anu onenepawo. Ngati ndinu mwamuna, bwerani nokha mudzandigwire khutu."

Haji atawerenga, magazi anamukwera mpaka chipewa chinadzuka chokha. Pemphero analithamangitsa ngati wakuba. Analowa m'nyumba, anatola ndodo, n'kulunjika masitepe.

"Haji," anatero Ghita ndi mawu aang'ono kwambiri, oti mawa asadzanene kuti sanachenjezedwe, "lero kuli hina kwa a Bouazza."

"Choka apa!"

Sanatumize uthenga. Sanatsokomole ngakhale kamodzi. Anatulukira padenga ali wefuwefu, ndipo kutsidya kwa kakhoma anaona nsalu yoyera itapachikidwa, pamwamba pake dzanja litakweza foni. Munthu woti pokwera hatchi amachita kumukankha anthu atatu, anadumpha kakhomako ngati mbuzi, nagwira nsalu, n'kuikoka.

Kuseri kwake kunali mkwatibwi, tsitsi lili pamtunda, manja ali tambasu, miyendo ili pamtsamiro. Momuzungulira munali amayi ake, azakhali ake, akazi a m'dera lonse, opanda mipango, ena nsidze imodzi yokha itapakidwa.

Mfuu umene unamveka pamenepo unathamangitsa nkhunda mpaka zina zinakaikira mazira ku Fez. Padenga lililonse panadzuka mkazi ndi foni. Ndipo Lalla Batoul, wa dzanja losanjenjemera ndi chivomezi chomwe, ananjenjemera koyamba m'moyo wake. Mbale yonse ya hina inachoka m'manja mwake n'kukamata pankhope pa Haji. Pofuna kuthandiza, mayi wachifundoyo anamupukuta bwinobwino, kulowetsa m'ndevu, pamphumi, makamaka m'makutu onse awiri.

"Pepani a Haji, mantha! Imani ndikupukuteni. Kalanga ine, akulowerera!"

Hina wa Batoul satuluka ndi sopo. Amatuluka ndi khungu.

Tsopano imvani za amuna a kwathu. Barele atabedwa, ankati Mulungu adzaweruza. Nyale zitapita, ankati mwezi ulipo. Koma denga! Bouazza anatseka sitolo nthawi yomweyo, nabwera ndi ana ake atanyamula zikwanje zodulira mafupa. Imamu anachita kuima pakhomo pa Haji atatambasula manja. Apolisi, omwe nawonso akazi awo anali padengapo, anati galimoto yawo singalowe m'kanjira.

Anakhala pansi kwa Bouazza kuti akambirane, Haji ali pakati, nkhope ngati dzungu lakupsa. Imamu anati mwamwambo wolakwa aphe nkhosa pakhomo pa olakwiridwa.

"Nkhosa?" anakalipa Bouazza. "Kwa ine? Mukapepese kwa nyanja ndi kapu ya madzi!"

Pamenepo kuseri kwa chitseko kunamveka mawu a mayi wa mkwatibwi. Ankalankhula modukizadukiza, ngati munthu amene wina wamfupi akumunong'oneza chakukhwapa.

"Akaziife tati, denga ndi lathu, chindapusa titchula ife. Lachisanu, Haji asenze thumba la barele kuchokera kwawo mpaka pakhomo pa mzikiti, pamene panafera bulu. Akafika anene pamaso pa anthu amene anadya barele. Apo ayi, mwana sakwatiwa, ndipo m'tauni muno simuyaka moto wophikira."

Amuna anayang'anana. Aliyense anaganizira mimba yake. Mlandu unathera pomwepo.

Lachisanu tauni yonse inali m'tinjira, akazi atandanda m'madenga ngati mbalame. Haji anatuluka atawerama, thumba lachidindo lili kumsana, makutu ofiira ali panja. Palibe analira ngati bulu. Panalibe chifukwa. Mbarek anali ataima pakhomo pa mzikiti atavala mkanjo wake wa paukwati, ndipo ataona mkuluyo akudzandira, mtima wake wa mkate wonyowa uja unamupereka. Anayamba kuyenda, manja patsogolo, kuti amulandire katundu.

"Si Mbarek!" mawu anatsika kuchokera kumwamba ngati mwala. "Mukangoligwira thumbalo, mukagona kukhola mpaka imfa!"

Mbarek anabweza manja n'kuwabisa m'mkanjo.

Haji anatula thumba pamalo pomwe panagwera Mesaoud. Ananena motsitsa, anthu anati sitinamve. Ananenanso, akazi anati mphepo yatenga. Kachitatu anakuwa mpaka nkhunda zija zinamva ku Fez: "Barele anadya mahatchi anga! Mbarek sanabe!"

Za kundende sizinamvekenso, poti mboni zija zinaiwala mwadzidzidzi kuti zinadyapo kusikusi kwa aliyense. Madzulo ake Mbarek anapita kukamwa tiyi, anapeza mpando wake utapukutidwa, ndipo amene anamufunsa za shuga ndi barele uja anapezeka kuti ali ndi ulendo wofulumira.

Atabwerako anapeza Batoul akutakasa mphika.

"Mkazi wanga, akuti Mesaoud walembanso. Tandiwerengera."

"Akuti, barele ndalandira, zikomo, ngakhale wafika mochedwa," anatero Batoul, maso ali mumphika. "Akuti, a Haji mupume kaye msana, simenti imalemera kuposa barele."

Mbarek anayamba kuseka, kenako analeka. Foni inali pashelefu, kuchipinda china, itazima. Anayang'ana foniyo, anayang'ana kamayi kamene wakhala nako zaka zonsezi, kakuthira mchere modekha. Anayesa kukumbukira ngati analakwirapo munthu ameneyu chiyambire ukwati wawo, ndipo thukuta linayamba kumutsika.

Anadzuka mwakachetechete, anatenga ketulo, n'kuthira tiyi. Tambula yoyamba anapereka kwa iye, ndi manja awiri.