Felemu ya m'munda wa fodya

Ndikamva fungo la girisi ndimabwerera ku Ngauma, nthawi ya nkhondo. Masiku amenewo njinga sinkagona yathunthu. Bambo anamasula yathu, mawilo anawabisa kudenga la chigafa, felemu anaikwirira m'munda wa fodya kuti amfuti asaitenge. Amene anawathandiza kukumba anali malume okha. Mvula itatha tinakapeza dzenje lili pululu.

Bambo sanaloze munthu chala, mpaka tsiku lomwe malume anafika ndi felemu paphewa, penti wake wobiriwira akadanunkha.

"Alamu, iyi ndaipeza ku Cuamba. Ikanipo mawilo anu aja, tizikwera tonse."

Bambo anaigogoda ndi sipanala, akumvetsera kulira kwake. Anayesa kulowetsamo foloko ya njinga yathu yakale ija, ndipo inangolowa osavuta ngakhale pang'ono. Anawayang'ana malume, kenaka anaizondotsa felemuyo n'kuigwedeza. Dothi lofiira linayoyoka kuchokera m'paipi ya chishalo, kugwera pamapazi panga, pamodzi ndi kansanza ka chitenje cha mayi kamene bambo anatsekera paipiyo poikwirira.

Mayi anasiya kupeta chimanga.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "Cuamba yake iti?"