Amai Daka ndi majekete athu ku Tete

Amai Sophia Daka akhala akuphikila ana pasukulu yathu ku Nyimba kwa zaka khumi ndi zinayi. Asanayambe nchitoyi ankapita ku Mozambique kukagula nsomba zouma, n'kumadzagulitsa pamsika wa Petauke. N'chifukwa chake anatipelekeza pamene tinatenga ana makumi atatu kukaona mlatho wa Zambezi ku Tete.

Ine mphunzitsi wao ndinakulila ku mishoni, kumene mwana wasukulu sayenda wopanda jekete ndi tayi. Ndinalamula kuti aliyense avale, tisakachititse dziko manyazi.

"A Sakala," anatelo amai Daka tikukwela basi, "ku Tete mumakudziwa, kapena munangokuona pamapu?"

Ndinayankha kuti ulemu suyang'ana nyengo.

Unali mwezi wa Okutobala. Tili pamlathopo dzuwa lili paliwombo, mtsikana wina dzina lake Beenzu anakomoka. Ndinathamangila wapolisi ndi Chingelezi changa cha ku mishoni, iye n'kumangondiyang'ana pakamwa. Amai Daka anamuvula jekete mwanayo, naitana mayi wogulitsa madzi m'Chinyungwe, chilankhulo cha ku Tete. Amai Daka ananyika chitenje chao m'madzimo, n'kumukulunga Beenzu mpaka anatsitsimuka.

"Vulani nonse!" anakuwa. "Nanunso bambo. Mukagwa inu adzakunyamulani ndani?"

Ndinali womaliza kuvula.

Titabwelako, ahedi anandiyamika pamaso pa sukulu yonse kuti ndinasamala ana bwino. Ndinaimilila, jekete lomwe lija lili pathupi, ndi kunena kuti woyenela kuyamikidwa ndi amai Daka. Iwo sanamve. Anali kukhichini, akusankha nyemba.