Wodutsa Osaodira

Atate, lero ndachita manyazi. A Mwale, anzanu a kumpingo aja, anaodira katatu pakhomo panga kuno ku boma, ine ndili zii kuseri kwa chitseko, mpaka foni inandiulula m'thumba. Mphunzitsi wathunthu wa fizikisi kugwidwa ngati mbewa. Apalasa njinga kuchokera kwathu ku Chulu kudzandikumbutsa kuti chaka chakwana, ndipo Loweruka akukalambula pamanda panu.

Iwo ali pa kapu yachitatu ya tiyi, ndinakumbuka tsiku lija tikusoka fodya m'chigafa, nditangobwera kumene kuchokera ku koleji. Ndinakulozerani kuwala kolowera padenga. "Kumeneku ndi tinthu totchedwa mafotoni. Tikafika patsamba timaima, tsamba n'kufunda. Koma dzuwa lomwelo limatumizanso manyutirino, amene amadutsa tsamba, inuyo ndi dziko lonse osaima." Munafunsa kuti, "Nanga awiriwa akakumana panjira amapatsana moni?" Ndinati n'zosowa kwambiri, poti kuwala kumagwirana ndi zinthu zokhala ndi mphamvu ya magetsi, pamene nyutirino alibe. Munaseka maso ali pa singano. "Ameneyo ndiye anapita ku koleji."

Ndinaseka nanu. Koma mukudwala ndinadutsa pa Chulu kawiri pa njinga yamoto, denga lanu ndikuliona, osapatuka. A Mwale sanazitchule zimenezo, anangokhala mpaka dzuwa kupendeka. Powaperekeza, phazi lili kale pa pedulo, anati, "Loweruka ukafike, mwanawe. Ndipo ukaodire, amamva." Kenako anapalasa.