Ankhoswe Anga Anali Jaji

Tsiku limene wailesi inalengeza kuti alongo anga asankhidwa kukhala jaji wa khoti lalikulu kuposa makhoti onse m'dziko muno, kwathu ku Msanzala kunali nthungululu zokhazokha. Ine ndinali ku Nyimba, kunyumba kwa mwamuna wanga, nditabisa tsaya lotupa ndi duku. Ndinasangalala, sindinama, koma ndinali ndi chifukwa changachanga. Jaji ameneyo ndiye anali nkhoswe ya ukwati wanga.

Ntchito ya kukhoti anaiyamba ngati majisitireti ku Petauke, akuyendera njinga yopanda mabuleki, yoimitsa ndi chidendene. Masiku amenewo ndikadandaula ankafika, n'kumukalipira mlamu wawoyo mpaka kutuluka thukuta. Kenako anawasamutsira ku Chipata, kenako ku Lusaka. Akamakwera, mawu awo ankachepa. Pafoni ankangoti, "Ndamva," ngati ndawerenga chikalata.

Mwamuna wanga ankagulitsa nthochi pamsewu waukulu. Kwa anthu a m'mabasi anali wansangala, koma akalawa kachasu manja ake ankayabwa. Atandigulula dzino ndinati basi, ndatopa. Koma kwathu ukwati suthetsedwa ndi mkazi yekha. Anaumanga ndi ankhoswe, oumasula ndi ankhoswe omwewo. Aliyense amene ndinamudandaulira ankandifunsa ngati ankhoswe akhalapo pansi.

Ndinawavutitsa mpaka anabwera, pa galimoto yakuda, ndi dalaivala komanso wapolisi wowalondera. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Nkhoswe ya mwamuna wanga, mkulu wolima thonje wa ku Mwape, inavula chipewa n'kukana mpando. Mumtima ndinati lero ndiye lero.

Ndinafotokoza zonse. Alongo anga anamvetsera atatseka maso, osandidula. Kenako anatembenukira kwa mwamuna wanga.

"Alamu, tsopano timve mbali yanu."

Mwamuna wanga ananama bwino kwambiri. Anati dzinolo linali lobooka kale, ndipo ndinagwa ndekha pochokera kumjigo. Alongo anga anandiyang'ana.

"Pali amene anaona pamene anali kukumenya?"

Ndani amaitana mboni pomenya mkazi wake?

"Alongo anga," ndinatero, "sindinakuitanileni kuti mudzaweluze. Uyu ali nayo nkhoswe yake, si iyi? Imwe ndimwe wanga. Khalani mbali yanga."

Alongo anga anasisita bondo. Nditawayang'anitsitsa ndinaona imvi zimene sindinkazidziwa, ndipo ndinawamvera chisoni pamodzi ndi mkwiyo.

"Mlongo wanga," anatero motsitsa, "nakhala pakati zaka zambili. Popanda umboni, pakamwa panga sipatseguka. Mukayesenso, zikapitilila tidzaonanso."

Mkulu wa ku Mwape anawomba m'manja mwaulemu, akuthokoza nzeru za abwana. Wapolisi anatsegula chitseko cha galimoto. Itanyamuka, ana anga anaithamangira mpaka pamsewu, akukuwa dzina la amalume awo monyadira.

Anthu amati alongo anga ndi jaji wachilungamo, sanakonderepo munthu. Ndikuvomereza, ine ndine mboni yake.

Fumbi la galimoto lisanathe, mwamuna wanga anatsamira pachitseko, akusenda nthochi pang'onopang'ono.

"Wamva wekha," anatero. "Khoti lalikulu lakamba. Pamwamba pake palibe lina. Manje uzayenda kuti?"

Ndinatola mipando n'kulowa nayo m'nyumba momwemo.