Ndalama Imodzi ya a Inki

A Inki akamapereka moni amayamba apepesa, chifukwa manja awo sanayerepo chiyambire ntchito. Akhala zaka zoposa makumi atatu m'kachipinda kosindikizira kuseri kwa shopu ya matayala, ndipo inki inalowa m'zikhadabo mpaka sopo anagonja. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi akazi awo okha, nawonso amalitchula akapsa mtima. Amasindikiza makadi a ukwati, mabuku a malisiti ndi makalendala. Ndi munthu wofatsa, koma ali ndi nthenda imodzi: sangaone chinthu chokhota n'kuchisiya. Chithunzi chikapendekeka pakhoma m'nyumba ya eni ake, amadzuka nkhani ili m'kati kukachiwongola.

Chimene chinkadabwitsa anthu mumsewumo n'choti pagolosale yapakona chilichonse cholembedwa chinali cha a Inki, kuyambira chikwangwani mpaka timapepala ta mitengo ya katundu, koma mayi a pagolosalewo sanalipirepo kanthu. Ena ankati pali chibale, apakamwa poipa ankanena zinazake. Onsewo ankaphonya.

Zinayamba a Inki akadali mnyamata wolembedwa ntchito pamakina omwewo, akazi awo ali ndi pakati pa mwana woyamba. Masiku amenewo kunkabwerabwera mlamu wawo, mchimwene wa akaziwo, munthu wa nsapato zonyezimira koma ntchito yake yosadziwika. Tsiku lina anatulutsa ndalama yapepala yatsopano, ija yaikulu ya chithunzi cha mbalame, n'kuiyala patebulo.

"Alamu, manja ngati anuwa mukuwathera pa makadi a ukwati? Taonani, ili ndi pepala ndi inki basi."

"Zakundende zimenezo, alamu. Ichotseni."

Mlamuyo anali wochenjera, ankadziwa pogwira. Anapinda ndalama ija pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Ayi ndamva. Zimenezi n'za akatswiri. Inu simungathe."

Mawu akuti simungathe aja anawasowetsa mtendere a Inki. Miyezi inayi yathunthu, abwana akapita kukadya masana, iwo ankatseka chitseko n'kuwerama ndi galasi lokulitsira zinthu. Anapanga imodzi yokha, ndipo mlamuyo sanamuuze. Sikuti ankafuna kulemera ayi. Ankangofuna kuona ntchito ya manja awo ikudutsa m'manja mwa munthu wodziwa ndalama, iye osazindikira. N'chifukwa chake, mwa uchitsiru wawo, anasankha golosale yapakona.

Mayi a pagolosalewo anali ndi mbiri. Pansi pa galasi la kauntala anandandalikapo ndalama zachinyengo zimene anagwira, ndipo wogula akafunsa ankamufotokozera ngati mphunzitsi. "Izi zothimbirirazi n'za anjala, amabwera nazo akunjenjemera kudzagula mankhwala a mwana. Izi n'za adyera, amapanga zambirimbiri, amagula kabokosi ka machesi kuti atenge chenji. Iyi ndi ya gogo wina wosalakwa amene anamupatsira kumsika, analira pano mpaka ndinamupatsa mchere waulere."

Loweruka m'mawa a Inki anaitanitsa sopo ndi shuga, n'kupereka ndalama yawo. Nthawi yomweyo kumbuyo kwawo kunamveka nsapato zolemera. Anali wapolisi wovala yunifolomu, wodzagula polishi.

Mayi aja anaisisita ndalamayo ndi chala, n'kuikweza kuloza kuwala kwa pakhomo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsitsa maso n'kuyang'ana zikhadabo zakuda za a Inki. Kwa a Inki matama onse anathera pomwepo, chimene chinatsala m'mutu ndi akazi awo atakhala pamkeka, mwezi wachisanu ndi chitatu, akusoka kamalaya.

"Yavuta ndalamayo, mayi?" anafunsa wapolisi, akusuzumira.

"Ayi bwana, ndi masowa, ayamba kukalamba. A Inki, taimani pambali ndithandize abwanawa, akuthamangira kuntchito."

Ndalama ija inalowa m'thumba la epuloni. Wapolisi atatuluka, mayi anawakokera a Inki kuseri, pakati pa matumba a mchere ndi makatoni a sopo.

"Mbalame iyi ndimaiona tsiku ndi tsiku," anatero. "Pa ndalama yeniyeni, phiko lakumanzereli lili ndi kamzere kokhota. Apa kawongoka. Mumsewu muno alipo munthu mmodzi yekha amene angawongole phiko la mbalame ya boma."

Zinali zoona. Kamzere kaja kanawanyansa kuyambira tsiku loyamba, ndipo dzanja linakawongola lokha.

"Mwapanga zingati?"

"Imodzi yokha, mayi."

"Ndi njala?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Anati sindingathe."

Mayi anagwira m'chiuno. "Anjala ndimawamvera chisoni, adyera ndimawaitanira apolisi. Nanga inu amatama ndikuchiteni chiyani? Mkazi wanu wadutsa pano dzulo miyendo itatupa. Mukufuna mwanayo adzakudziwireni pawaya wa kundende? Tamverani. Iyi sindiika pagalasi, ndiisunga ndekha. Tsiku limene ndidzaone inzake, kaya pano kaya kumsika, ndidzanyamula zonse ziwiri kupita nazo kupolisi, ndipo dzina lanu ndidzalitchula. Sopoyo lipirani ndi ndalama yeniyeni."

Tsiku lomwelo a Inki anaphwanya ndi hamala zonse zimene anapangira ndalamayo, n'kukataya m'chimbudzi. Patapita masabata atatu kunabadwa mwana wamkazi, ndipo anamunyamula ndi manja awo akudawo, anamwino akukalipa. Mlamu uja anapeza anzake ena omvera. Patatha zaka ziwiri anagwidwa ndi chikwama chodzaza, n'kulamulidwa zaka zisanu ndi ziwiri. A Inki ataperekeza akazi awo kukamuona, anaona kamwana ka mlamuyo kakulowetsa zala pawaya kufuna kugwira bambo ake.

Kunena zoona, zaka zoyambazo zikwangwani zaulere zija ankazilemba chifukwa cha mantha. Akadutsa pagolosale ankavula chipewa akadali patali, maso ali pathumba la epuloni. Ntchito zokayikitsa zinkabwera ndithu, pakuti wosindikiza aliyense amayesedwa: wina kufuna satifiketi ya sukulu imene sanapiteko, wina chidindo cha ofesi ya eni. A Inki akangokumbukira kapepala kaja ankakana asanamve n'komwe mtengo. Anthu anayamba kuwakhulupirira, abwana atakalamba anawasiyira makina, ana anayi anaphunzira onse. Mantha aja anasanduka kuthokoza osadziwa kuti asintha liti. Ankati akaona mwana wawo woyamba atavala yunifolomu ya unamwino, mtima unkathamangira pakona paja.

Chaka chatha maso a mayi a pagolosale anakalambadi, ndipo ana awo anabwera kudzawatenga kuti akakhale nawo. A Inki anawapeza atakhala pampando pakati pa makatoni, galasi la kauntala litachotsedwa kale. Anadikira ana atuluke, n'kugwada pafupi.

"Mayi, kapepala kaja. Ana angakapeze m'katundumu, n'kuyamba kufunsa."

"Kapepala kati?"

"Kambalame kaja, mayi."

Mayi anaseka mpaka kutsokomola. "A Inki inu! Kameneko ndinayatsira mbaula tsiku lomwelo, tiyi wake ndinamwa. Ndikanasunga bwanji chinthu choti chingandimangitse ine ndemwe?"

"Zaka makumi atatu, mayi! Ine ndakhala ndikuopa phulusa?"

"Nanga lakupwetekani phulusalo? Ana anu si awo akula muli pakhomo?" Anapukuta misozi ya kusekako ndi nsonga ya mpango. "Koma ndikuuzeni lero, poti ndikupita. Inali yokongola kuposa ya boma."

Amenewa ndiwo mawu amene a Inki anawavutikira miyezi inayi ali mnyamata. Atawamva tsopano, anapeza kuti alibe nawo ntchito. Chimene anafuna kunena chinali china, ndipo anachinena mosazungulira: "Mayi, ana anga akula ndi bambo chifukwa cha inu. Zikomo."

Anagwira dzanja la mayiwo ndi manja awo onse awiri, inki ili bii, ndipo tsiku limenelo anaiwala kupepesa.