Nthano Imene Ndinaisintha Mathero

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi wina wa m'kwaya ya kutchalitchi, amene anamva kuti pasukulu ina ya mkaka ku Chinamwali akufuna mphunzitsi. Ndinali nditangofika ku Zomba kuchokera kwathu ku Dedza, ndili ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi chikwama chimodzi basi. Ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa shopu, ndipo ndikaweruka panalibe wocheza naye. Loweruka ndinkangokhala pakhomo n'kumayang'ana nkhungu ikutsika m'phiri. Ndinasungulumwa kwambiri chaka chimenecho.

Ana a m'kalasi mwanga anali a zaka zinayi ndi zisanu. M'mawa tinkayamba ndi pemphero, kenako ndinkalemba zilembo pabolodi, iwo n'kumakopera ndi choko pamasileti. Teni koloko ankamwa phala la likuni m'makapu apulasitiki, ndipo akatha ndinkayala mikeka kuti ndiwasimbire nthano asanagone. Mwini sukulu, Mayi Kachingwe, anandichenjeza tsiku loyamba lomwe: "Aphunzitsi, kuno za imfa ndi zilombo zodya ana ayi. Makolo amadandaula."

Vuto n'lakuti nthano zimene ndinakula nazo zonse zinali zoterozo. Uyu waponyedwa m'dzenje, uyu wamezedwa, winayo wasanduka mbalame atamupha abale ake. Ndiye ndinayamba kuzikonza ngati telala, kudula apa, kusoka apo, ndipo ndinkadziona wochenjera ndithu.

Ina inali ya mayi amene anakokoloka ndi madzi akuchapa kumtsinje. Mwana wake ankapita m'mbali mwa madziwo tsiku ndi tsiku kukaimba kuti, "Amayi tulukani, mbale ndatsuka." Kwathu nthanoyi imatha mayiyo osatuluka. Mwana amalira, kenako mbale wake wa malemuyo amabwera kudzamutenga n'kukamulera. Ine ndinati mwanayo ataimba masiku atatu, mayi ake anatuluka ali bwinobwino. Ana anawomba m'manja.

Pakati pawo panali Tamanda, kamtsikana kofatsa kamene azakhali ake ankakabweretsa pa njinga ya kabaza. Sindinkadziwa kuti mayi ake anali atamwalira mwezi umodzi m'mbuyomo. Tsiku la maliro anamupititsa kwa achibale, monga timachitira ndi ana aang'ono, ndipo anamuuza kuti amayi apita ku Blantyre.

Nthanoyo ndinasimba Lolemba. Lachinayi, nditawerenga ana pamikeka, mmodzi sanaoneke. Ndinayang'ana kuchimbudzi ndi kuseri kwa khitchini, kenako ndinaona kuti geti linali lotsekula. Ndinathamanga mpaka kumsewu waukulu. Ndinamupeza Tamanda pasiteji ya maminibasi, mapazi ali m'mphepete mwenimweni mwa tala, malole akudutsa. Minibasi ikaima ankaimba kanyimbo kaja, maso ali pa anthu otsika.

Mayi wina wogulitsa nthochi anandifunsa, "Ngwanu mwanayu? Dzana ndi dzulo anabweranso madzulo, kuimba chomwechi."

Nditamugwira dzanja, Tamanda anati, "Lero ndi lachitatu, aphunzitsi. Lero atsika."

Ndinamunyamula akupalapata, akundimenya pamapewa. Mayi Kachingwe sanandichotse ntchito. Anangondiuza kuti ndimuperekeze mwanayo kwawo ndipo ndikafotokoze ndekha.

Azakhali ake anamvetsera zonse mpaka ndinamaliza. Ndinkadikira kuti andilalatire, koma anangopukusa mutu. "Tonse tamunamiza mwanayu," anatero. "Inu mwangomupatsa tsiku."

Anamuitana pakhonde pomwepo, anamukhazika pamiyendo, n'kumuuza kuti amayi ake anamwalira ndipo sadzabweranso. Tamanda anafunsa, "Ngakhale ndiimbe kwambiri?"

"Ngakhale uimbe kwambiri, mwanawe. Koma ine ndilipo."

Analira mpaka kugona pachifuwa pawo. Ine ndinabwerera wapansi, manyazi ali tho, ndipo ndinalira nanenso m'njira.

Ndaphunzitsa ana a mkaka zaka zambiri kuchokera pamenepo. Nthano ndimasankha, zina ndimazisiya, koma womwalira m'nthano sindimuukitsanso. Amene anapeka nthano zimenezi sanali ankhanza monga ndinkaganizira. Ankadziwa kuti pagulu la ana omvetsera pamakhala mmodzi amene amayi ake sadzabwera, ndipo ameneyo amafunika kumva kuti kulira kukatha, pali wina amene adzabwere kudzamutenga.